Makomo Awiri a Wilfred Chulu

Mukafika ku Ipusukilo n'kufunsa pamene Harriet amagulitsa salaula ya ana, zovala zakaunjika zija, adzakulozerani tebulo langa. Pambali pake mudzaona mwamuna wa imvi atakhala pa kreti, shati atapisira bwinobwino ngati akudikira basi ya kuntchito. Ameneyo ndi mlongo wanga Wilfred Chulu, mzime wa amayi. Ana a kuno amamutchula kuti ba Kompyuta, ndiye kuti a Kompyuta m'kalankhulidwe ka kuno. Musamufunse funso lofuna inde kapena iyayi, mudzakalamba mukudikira. Ine ndimamufunsa kuti, "Iwe, igwa mvula iyi? Ndilonge katundu?" Iye amangoyang'ana kumwamba, milomo ikugwedera, mpaka zovala zanga zanyowa. Ndimamukalipira, sindinama. Ndikatha kukalipa ndimamugulira zitumbuwa, chifukwa ndikudziwa chimene chinamudya.

Atate athu anachokera ku Katete ali mnyamata, n'kupeza ntchito kuno ku Kitwe pa fakitale ya boma yosungunula zitsulo, imene inkaumba zipangizo za m'migodi. Fakitaleyo inali ndi komboni yake, ndipo lamulo linali lakuti nyumba imatsata wantchito. Wantchito akafa, banja lipakire. Choncho atate atamwalira, akulu athu a Frederick anasiya sukulu n'kukaima pa ng'anjo pamene atate anasiya, kuti ife tisatulutsidwe. Mabanja ambiri ankachita chimodzimodzi. Nyumbayo inali ndi mtengo wa kotapela, mapeyala aja, umene atate anabzala, ndi khola la nkhuku kuseri. Tonse tinabadwira momwemo, amayi anafera momwemo, ndipo a Frederick anakwatiramo alamu anga a Beatrice n'kuberekamo ana anayi.

Mchenga wotentha ndi utsi wa pa ng'anjo ndi zimene zinaphunzitsa Wilfred. Mwana uja mutu anali nawo, zimenezo sindingamumane. A Frederick anamulipirira sukulu mpaka ku koleji ku Ndola, iwo akuyenda ndi nsapato zoseka. Anabwerako ndi tayi m'khosi, ndipo fakitale yomweyo inamulemba ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Mkulu pansi pa moto, mng'ono m'chipinda cham'mwamba chozizira ngati m'firiji. Kampani inamuchitira lendi fulati m'tauni. A Frederick sanachite nsanje ngakhale pang'ono. Ankauza aliyense pa tchalitchi kuti malipiro a fakitale yonse amatuluka m'zala za mng'ono wawo.

Lamlungu lililonse tikatuluka ku Misa tinkakumana kunyumba kuja. Tsiku lina ndinamuputa dala Wilfred.

"Iwe, ntchito yako yeniyeni ndi chiyani? Ife timangomva kuti umakhala pa mpando n'kumagogoda mabatani ngati nkhuku yotola chimanga."

Anatola khala pa mbaula, n'kutitengera ku khoma la khola la nkhuku.

"Asisi, kompyuta ndi chitsiru chomvera," anatero. "Siganiza. Umaifunsa funso, iyo imayankha inde kapena iyayi, ndipo umaiuziratu chochita pa yankho lililonse. Akale ankalemba chonchi." Ndipo analemba m'chinenero chathu kuti timve:

ngati mvula ikugwa
tenga ambulera
apo ayi
siya ambulera
mapeto

"Mwaona kutalika kwake? Tsono onani mmene ndimalembera ine." Pansi pake analemba mzere umodzi:

IIF(mvula, tenga, siya)

Anati IIF ndi dzina la lamulolo m'chinenero cha kompyuta chimene ankagwiritsa ntchito. Choyamba ndi funso, chachiwiri ndi khomo la inde, chachitatu ndi khomo la iyayi. Mzere umodzi, nkhani yatha. Anaima pamenepo akupukuta zala, nkhope ikuwala ngati mwana amene walandira Ukaristia woyamba.

A Frederick anali atakhala pa mpando pansi pa kotapela. Anayang'ana khomalo n'kufunsa.

"Nanga kukangochita mitambo chabe?"

"Mitambo si mvula, akulu. Chilichonse chimene si inde chimagwera ku khomo lachiwiri."

"Ndiye chitsiru chakocho chidzakunyowetsa tsiku lina," anatero a Frederick. Tinaseka tonse, ndipo kuseka kwawo kunathera m'chifuwa, mpaka a Beatrice anabwera ndi madzi.

Kufupikitsa kunali matenda a Wilfred. Mapulogalamu amene anawapeza pa fakitale analembedwa ndi anthu amene anachoka kalekale, ndipo iye ankati amalankhula ngati katekisiti pa maliro. Funso lililonse linali ndi mizere yake yambirimbiri, ndipo kumapeto kunali malo akuti zinthu zikapanda kugwera kulikonse, kompyuta isindikize dzinalo kuti kalaliki aliyang'ane ndi maso. Wilfred ankadula zonsezo. Ankabwera ku tebulo langa, nthawi imeneyo ndikugulitsa m'tauni, kudzandiuza kuti lero tsamba lathunthu walipinda kukhala mizere itatu. Ine ndinkangoti zikomo bwana, gulako sokosi.

Kenako zinthu zinayamba kuwola. Migodi inasiya kugula monga kale. Ng'anjo ina inazimitsidwa, kenako inanso. Malipiro ankabwera mwezi ukafuna. Basi ya kampani inafera pa geti, ndipo udzu unamera m'mawilo. Mawu amene ankamveka paliponse anali akuti boma likugulitsa makampani ake, ndipo yathu ili pamzere. Amuna ankapita kuntchito kukakhala pansi, kuopa kuti akajomba dzina lawo lidzayamba kufufutidwa.

Chifuwa cha a Frederick chinali chitakula nthawi imeneyo. Amuna a pa ng'anjo anali ndi chizolowezi chawo, chifuwa sachionetsa kwa adokotala a kampani. Umatsokomolera kuchimbudzi, umamwa madzi a mandimu, umabwerera pa moto. A Frederick anachita zimenezo zaka zambiri, mpaka tsiku lina anagwa ali ndi fosholo m'manja. Amene anawakakamiza kupita ku kiliniki ndi Wilfred. Anabwera ndi takisi, anagwada pakhomo, n'kunena kuti lamulo la kampani limalola wodwala kupuma nthawi yaitali dzina lake lili m'buku.

"Mukhalabe wantchito, akulu. Palibe chimene chisinthe. Ndine ndimayendetsa zinthuzi, ndikudziwa."

A Frederick anakana kawiri, kachitatu analola. Ine ndinali kumbali ya Wilfred, ndipo mpaka lero ndimati anachita bwino. Munthu anali kufa akuona.

Apa pali kanthu kakang'ono kamene muyenera kukamva. Mu kompyuta ya fakitale munthu aliyense anali ndi chilembo pambali pa dzina lake. Chilembo A chinali cha amene ali pantchito. R chinali cha amene anapuma, anachotsedwa kapena anamwalira. Panalinso S, cha odwala nthawi yaitali, anthu ochepa, pafupifupi onse a pa ng'anjo. Tsiku limene a Frederick anakwera takisi ija, chilembo chawo chinasintha kuchoka pa A kupita pa S.

Chaka chotsatira kunabwera anthu ochokera ku Lusaka odzakonza zogulitsa kampani. Wamkulu wawo anali a Spencer, munthu wofatsa, wa magalasi, wosakweza mawu. Analengeza nkhani imene inagwedeza komboni yonse, yakuti nyumba zigulitsidwa kwa antchito amene akukhalamo. Amene si antchito atuluke, nyumba zawo zipatsidwe kwa antchito opanda nyumba. Amayi a m'komboni anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. A Beatrice anayamba kale kuyeza pamene adzamange khitchini yatsopano.

Ntchito yosankha ndi kusindikiza makalata inapatsidwa kwa Wilfred, ndipo anamuuza kuti ikufunika msanga. A Spencer anamutsina khutu kuti eni atsopano adzasunga munthu mmodzi yekha wa makompyuta, ndipo akufuna wa manja opepuka. Mwana wa amayi anamva zimenezo magazi n'kuthamanga. Pulogalamu yakale ya nyumba inalipo, yaitali, ya mafunso ambirimbiri. Anaiika pambali n'kulemba mzere wake:

IIF(chilembo = "A", "GULA", "TULUKA")

Sanali wosasamala ayi, ndiponso ndicho chimandipweteka. Anauyesa mzerewo. Analowetsa dzina la mnzake wa mu ofesi amene ankakhala m'komboni, kompyuta inati gula. Analowetsa dzina la malemu atate, limene linali likadali m'makina ndi R wake, kompyuta inati tuluka. Makomo onse awiri ankatseguka bwino. Dzina la a Frederick sanaliyese. Aliyeserenji? M'mutu mwake akulu ake anali wantchito kuposa wantchito aliyense, munthu amene anapsa manja pa ng'anjo iye akadali ndi mamina. Sizinamudutse n'komwe m'maganizo kuti chitsiru chake sichidziwa zimenezo.

Anadutsa pa tebulo langa madzulo a tsikulo akuyenda ngati wapambana mpira. Anati a Spencer anayang'ana mzerewo n'kunena kuti ntchito yaukhondo.

"Asisi, nyumba ya atate ikhala yathu mpaka kale. Ndalemba ndine ndi zala izi."

Patapita masiku ochepa, m'mawa ndikuyala katundu, ndinaona alamu anga akubwera opanda duku kumutu. Sanandipatse moni. Anangondipatsa pepala, n'kukhala pansi pa fumbi. Ndinawerenga, ndinabwereza, ndipo mawu ake anali omwewo, akuti a Frederick atuluke m'nyumba. Ndinasiya tebulo kwa mnzanga n'kupita ku fakitale. Alonda a pa geti anayesa kundiletsa, ndinawauza mawu amene sindingawabwereze pano, ndipo anapatuka.

Wilfred ndinamupeza m'chipinda chake chozizira chija. Ndinaponya pepala pa mabatani ake.

"Werenga, iwe wophunzira."

Anawerenga akumwetulira kaye, akuganiza kuti ndi kulakwitsa kwa amesenjala. Kenako anagogoda dzina la a Frederick. Ndinamuona nkhope ikuchita phulusa. Anangoti, "S," n'kugwira m'mphepete mwa tebulo ngati munthu amene basi yamukhotera mwadzidzidzi.

Kukonza kwake sikunatenge nthawi imene ndimatenga kupinda malaya. Ine ndikuyang'ana, anatsegula khomo lachiwiri lija n'kuikamo funso lina, lakuti ngati chilembo ndi S, agulenso. Mzere unangotalika pang'ono. Anasindikiza mayina a odwala onse amene anagwera kunja, n'kuthamangira kwa a Spencer, ine ndili pambuyo pake.

A Spencer anamumvetsera mpaka kumapeto, anatipatsanso mipando. Kenako anavula magalasi n'kuwapukuta.

"A Chulu, makalata apita. Nyumba zimenezo tawalonjeza kale anthu ena, nawonso makalata awo ali m'manja. Ndiponso pepala limene tinapatsidwa likuti antchito amene ali pantchito. Munthu wogona kunyumba ali pantchito?"

"Ali m'buku, bwana. Ndinalakwitsa ndine. Ndakonza kale, ingondilolani ndisindikizenso."

"Simunalakwitse. Mzere wanu unachita zimene pepala likunena. Usiyeni mmene unalili."

Wilfred anagwada pa kapeti, tayi ikulendewera. Ine ndinatukwana, ndinatchula atate, ndinatchula mapapo a akulu anga amene anathera m'fakitale imeneyo. A Spencer sanakwiye. Anangoti akumva chisoni, koma kompyuta yasankha mopanda tsankho, ndipo akayamba kutsegulira mmodzi sadzamaliza. Ndinazindikira pamenepo kuti munthuyo mzere uja unamukomera mmene unalili, chifukwa unamuchotsera ntchito yoyang'ana odwala m'maso. Madzi akatayika sawoleka, ndipo pano panalibe n'komwe wofuna kuwawola.

Tinayenda ndithu. Ku yuniyoni anati nawonso akudikira makalata awo. Abambo a parishi analemba kalata imene sinayankhidwe. Mwezi usanathe fakitale inatsekedwa, ndipo onse anachotsedwa, Wilfred yemwe. Munthu mmodzi wa makompyuta uja sanasungidwe. Kompyuta inakwezedwa pa lole pamodzi ndi mipando, mzere wokonzedwa uja uli m'mimba mwake, ndipo palibe akudziwa kumene inapita. Fulati ya m'tauni inali ya lendi, choncho nayenso anapakira.

Nyumba ya atate inapatsidwa kwa a Amos, amene ankagwira ntchito ku sitolo ya zipangizo. Ndikanakonda akanakhala munthu woipa, bwenzi ndili ndi womuda. Koma a Amos tinkapemphera nawo m'mphakati umodzi, ndipo iwo ndi ana asanu ankagona m'chipinda chimodzi kwa apongozi awo. Anabwera chipewa chili m'manja, anakhala pansi pakhomo, misozi ikutsika.

"Bashi Chipo, ndikakana ine apatsa wina," anatero kwa a Frederick, kuwatchula ndi dzina la mwana wawo woyamba monga amachitira kuno. "Ndichite bwanji?"

"Lowani, a Amos," anayankha a Frederick. "Koma kotapelayu musadule. Amabereka chaka ndi chaka."

Ndi mmene a Frederick ndi banja lawo anafikira ku Ipusukilo. Ndinawapezera zipinda ziwiri za zidina pafupi ndi ine, denga lodontha, utsi wa mbaula za anthu ukulowa pa zenera tsiku lonse. Munthu wa chifuwa kumuika mmenemo kunali kumukankhira kumanda, koma tinasowa mtengo wogwira. Mvula ya chaka chimenecho inagwa ngati ili ndi mlandu nafe. A Beatrice ankasuntha bedi kuthawa madontho, a Frederick ali pomwepo.

Wilfred ankabwera tsiku lililonse. Ankatunga madzi, ankamata ming'alu, ankakwera padenga kuika miyala. Koma m'chipinda cha akulu ake sankalowa. Ankaima pakhomo, kupereka moni, n'kubwerera. Ine ndi a Beatrice tinapangana kuti a Frederick asauzidwe kuti mzere uja analemba ndani. Tinkati ndi anthu a ku Lusaka.

Masana ena a Frederick anamuitana. Mawu anali atatha, tinkachita kuwerama kuti timve. Wilfred analowa n'kugwada pambali pa bedi, ine ndili pakhomo.

"Bwanji umandithawa, mwana iwe?"

Wilfred anayamba kufotokoza. Anatchula zilembo, anatchula makomo, anati anakonza koma anamukaniza, mawu akuthamangitsana ngati mbuzi zotuluka m'khola. A Frederick anakweza dzanja kuti aleke.

"Ndinadziwa tsiku lomwe pepala linafika. Malipiro onse ankatuluka m'zala zako, nanga pepalalo likanatuluka mwa yani?" Anatsokomola, n'kupitiriza. "Paja ndinakufunsa za mitambo."

Sananene mokwiya. Ankayesa kumuseka monga kale, ndipo anamwetuliradi. Ine ndikuti bwenzi atamutukwana, mwina mwanayo akanachira. Anamwalira sabata yomweyo.

Za Wilfred za pambuyo pake n'zochepa. Anapezako ntchito yophunzitsa pa kasukulu ka makompyuta ku Ndola, koma sanakhalitse. Ankakaniza ana kulemba funso pa mzere umodzi. Chilichonse ankafuna chilembedwe chachitali, ndipo pansi pake pakhale malo akuti zikapanda kugwera kulikonse, aitane munthu. Mwana akalemba mwachidule ankamuimitsa n'kumufunsa kuti watsala panja ndani, mpaka mwanayo kulira. Mayeso ankafuna njira yachidule, makolo anadandaula, ndipo anamuchotsa. Mkazi sanakwatire. Anabwera kwa ine ndi chikwama chimodzi, n'kukhala pa kreti paja.

Koma ndisanatseke pakamwa ndikuuzeni za tsiku la maliro, chifukwa ndi limene limandibwerera ndikamamuyang'ana.

Anthu a m'komboni yakale anabwera ambiri, ndipo ku Ipusukilo kunalibe powakhazika. M'mawa wa tsiku loika, a Amos anadza kwa alamu anga n'kupempha kuti lole ikachoka ku tchalitchi idzere kunyumba kuja, malemu akatsanzike pakwawo. A Beatrice anayang'ana ine, ine ndinayang'ana pansi, ndipo anavomera.

Tinapeza a Amos atasesa bwalo lonse ndi kutsegula geti mbali zonse ziwiri. Anyamata anatsitsa bokosi n'kuliika pa mipando pansi pa kotapela, pamalo pomwe a Frederick ankakhala Lamlungu. Nyumba inali itapakidwa utoto wina. Pa mazenera panali makatani a eni ake. Ndinazungulira kuseri kuti ndikalire pandekha, ndipo pa khoma la khola ndinaona zolemba za khala zija zikuonekabe pang'ono pamene denga linkatchinga mvula. Ndinabwerera msanga.

Akatekisiti anapemphera, amayi a kwaya anaimba nyimbo ziwiri. Kenako dalaivala wa lole analiza injini, chifukwa anali ndi maliro ena omudikira. Tsono kwathu maliro sanyamulidwa mwakachetechete. Mwamuna wa m'banjamo amawerama pa bokosi n'kumuuza womwalirayo kuti tikunyamuka, kuti asadabwe kumene akupita. Atate kulibe, amalume ali ku Katete, ana a malemu akadali aang'ono. Mwamuna amene anatsala anali mmodzi. Maso onse anatembenukira kwa Wilfred, amene anali ataima kunja kwa geti chifikire.

Ndinapita kukamugwira dzanja. Linali lozizira.

"Asisi, nenani ndinu," ananong'ona.

"Ine ndine mkazi. Tiye."

Anayenda ngati akuponda minga. Anafika pa bokosi, anawerama, anaika chikhatho pa thabwa. Tinadikira. Dalaivala analiza hutala kamodzi. Ndinali pafupi, ndiye ndinamva bwinobwino.

"Akulu," anatero. "Ndine Wilfred. Tiyeni, tulukani."

Anyamata ananyamula, ife tinatsatira, ndipo a Amos anatseka geti pambuyo pathu kuti nkhuku zawo zisatuluke.